Kutuluka m'gulu la zigawenga n'kuyamba kutchinjiriza achinyamata: ndondomeko yake

Malangizo awa ndikulembera munthu amene wakhala m'gulu la anyamata okhalira kutsomphola mafoni, kuthyola nyumba usiku, kugulitsa chamba kapena kulembedwa ganyu yokakhapa anthu ndi zikwanje, ndipo tsopano akufuna kusiya zonsezi kuti ayambe kubweza ana amene akulowera njira yomweyo. Ineyo ndinakhalamo m'moyo umenewu zaka zingapo m'dera lina la mumzinda wa Blantyre, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti kutuluka ndi kuthandiza ena si zinthu zochitira pamodzi. Ambiri timathamangira kukaima pamaso pa ana kapena kutsogolo m'tchalitchi kukapereka umboni tisanamasuke kwenikweni, ndipo gulu likatikokanso timagwa pamodzi ndi ana amene anatikhulupirira. N'chifukwa chake magawo ali m'munsiwa ndawasanja motsatana, ndipo ndikupempha kuti musalumphe ngakhale limodzi.

Gawo loyamba: werengani zingwe zimene zakumangani

Musanauze munthu aliyense za maganizo anu, khalani pansi nokha n'kuwerenga zinthu zimene gulu lingakugwireni nazo. Nthawi zambiri zimakhala zitatu, zomwe ndi ngongole, zinsinsi, ndi malo ogona pamodzi ndi chakudya. Ngati munatenga chamba kwa bigi, mkulu wa gulu, kuti mukagulitse koma ndalama simunapereke, ngati mukusunga katundu kapena chida cha wina, kapena ngati gulu linakutulutsanipo m'chitokosi ndi ndalama zake, dziwani kuti m'maso mwawo mudakali awo. Bwezani zimenezi pang'onopang'ono mudakali pakati pawo, pamene palibe akukukayikirani, ndipo musazibweze ndi ndalama za katapila, chifukwa mukatero mwangosintha mwini chingwe.

Chinthu chimodzi muchikane kotheratu. Akadzaona kuti mwayamba kuzizira, adzakuuzani kuti mupite nawo ulendo umodzi womaliza kuti ngongole ithe. Ulendo womalizawo ndi umene unatengera anzanga angapo ku Chichiri, ndipo mmodzi sanafike ndi kundende komwe, chifukwa anthu a m'dera limene anakabamo anamupeza apolisi asanafike.

Gawo lachiwiri: tulukani mwakachetechete

Gulu limapirira munthu amene wafooka, koma silipirira munthu amene walinyoza kapena amene likumuganizira kuti wasanduka kapirikoni wa apolisi. Choncho musalengeze, musalalikire anzanu, ndipo musalembe pa Facebook kuti mwasiya moyo wa mumdima. Yambani kusowa pamalo pamene amakumana, poyamba masiku awiri pamlungu, kenaka kuposa pamenepo, ndipo mukafunsidwa perekani chifukwa choona chimene nawonso angachimve: mwana wabadwa, mayi akudwala kumudzi, mwapeza ganyu yolawirira mamawa, kapena mwayamba kupemphera. Akuluakulu anati ukayenda uzisiya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, ndipo mawu amenewa ndi oona kwambiri pa nkhani imeneyi. Mukakumana nawo panjira apatseni moni mwaulemu, koma musakhale pansi, musalandire ndudu kapena botolo, ndipo musafunse za mapulani awo, pakuti zimene simukuzidziwa simungaimbidwe mlandu woziulula.

Pezani munthu mmodzi wamkulu woti adziwe zonse, kaya ndi amalume, abusa, ashehe kapena mphunzitsi wanu wakale. Ngati mukuona kuti moyo wanu uli pachiswe, chokani m'deralo kwa miyezi ingapo, sinthani nambala ya foni, ndipo kumene mwapitako wachibale wanu akakuonetseni kwa amfumu kuti anthu asamakuyeseni wothawa mlandu.

Abale athu amene ali ku Cape Town akudziwa kuti kumeneko nkhaniyi ndi yolemera kuposa kuno. M'madera a Cape Flats monga Manenberg ndi Hanover Park muli magulu okhazikika ngati Americans ndi Hard Livings, ndipo m'ndende monga Pollsmoor muli magulu a manambala, 26, 27 ndi 28, amene ali ndi malamulo ndi maudindo awoawo. Rashied Staggie, yemwe anali mtsogoleri wa Hard Livings ndipo ananena poyera kuti watembenuka mtima, anawomberedwa n'kufa mu December 2019 ku Salt River. Magulu athu ambiri kuno ndi osalimba chomwecho, amasweka mtsogoleri akamangidwa kapena akasamuka, ndipo umenewu ndi mwayi umene muyenera kuugwiritsa ntchito usanatseke.

Gawo lachitatu: konzani milandu ndi anthu amene munawalakwira

Mlandu suwola. Ngati mukudziwa kuti apolisi akukufunani, kapena munathawa belo, simungagwire ntchito ndi ana mukuyang'ana kumbuyo, chifukwa tsiku limene adzakumangani pamaso pawo zonse zimene munawaphunzitsa zidzasanduka bodza. Pitani kaye ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma limene limapereka maloya kwa anthu osatha kulipira, ndipo mukafotokoze zonse popanda kubisa kuti akuuzeni njira yoyenera kutsata. Kupolisi musapite nokha, koma pitani ndi loya kapena munthu wamkulu uja. Dziwaninso ufulu wanu: malamulo aakulu a dziko lino amati munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Ngati muli ndi mfuti kapena katundu wakuba, musamugulitse, musamupatse mnzanu ndipo musamutaye mumtsinje momwe ana angamutole, koma loyayo akuthandizeni kumupereka m'manja mwa apolisi.

Kukonza ndi boma n'kosavuta poyerekeza ndi kukonza ndi anthu oyandikana nawo. Amene munamubera sakhululuka chifukwa chakuti mwabatizidwa, ndipo alibe mangawa oti akukhululukireni. Musamupite nokha pakhomo, chifukwa akhoza kuchita mantha kapena kukuwa, ndipo anthu akasonkhana mkwiyo wawo sufunsa chimene mwadzera. Tumani amfumu, mkulu wa mpingo kapena wachibale amene onse awiri mumamulemekeza, akafunse ngati ali wokonzeka kukuonani, ndipo akakana mulemekeze kukanako.

Ine ndinaba makina osokera a mayi wina wamasiye, amene ankasokera pakhonde pafupi ndi msika. Patapita zaka ziwiri ndinatuma amalume, ndipo mayiyo anavomera kuti tikumane kwa amfumu. Anakhala pamkeka osandiyang'ana, akupotokola nsonga ya chitenje ndi zala, kenaka anati: "Mwana wanga anasiya sukulu ali Fomu 2 chifukwa cha makina amenewo. Ndalama mubweza, nanga zaka zakezo mubweza bwanji?" Ndinalibe yankho, ndipo mpaka lero ndilibe. Ndinabweza mtengo wa makinawo m'miyezi isanu ndi itatu, kudzera kwa amfumu, ndipo mayiyo sanandiuzepo kuti wandikhululukira. Komabe anthu a m'deralo ankaona ndalamazo zikupita mwezi ndi mwezi, ndipo pamenepo ndi pamene ena anayamba kuyankha moni wanga. Mukonzekere kuti zanunso zikhoza kuyenda motero.

Gawo lachinayi: lekani chamba ndi mowa mothandizidwa ndi achipatala

Ambiri tinkasuta kapena kumwa kachasu kuti tilimbe mtima tisanapite kokaba, ndiponso kuti tigone tikabwerako. Mukasiya mudzavutika kugona, mudzakwiya msanga, ndipo nkhope za anthu amene munawavulaza zidzayamba kukubwererani usiku. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa akhoza kunjenjemera, kukomoka kapena kuona zinthu zomwe palibe, choncho ayambe waonana ndi achipatala. Pachipatala cha boma cha m'boma lanu funsani za ogwira ntchito yoona matenda a maganizo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matenda a maganizo. Kupemphera kumalimbitsa mtima, koma musalole munthu akuuzeni kuti kupita kuchipatala n'kuchepa chikhulupiriro.

Gawo lachisanu: pezani chodyera cha thukuta lanu

Apa ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa njala ndiyo imabweza munthu ku gulu kuposa chikondi cha anzake. Wansembe wa Chikatolika Gregory Boyle, wa parishi ya Dolores Mission ku Los Angeles, ku America, anaona zimenezi mu 1988 pamene anayamba kufunira ntchito anyamata a m'magulu a zigawenga. Olemba ntchito atachita mphwayi, mu 1992 anatsegula malo ophikira buledi kuti anyamatawo azigwirapo okha, ndipo ntchito imeneyi inakula n'kukhala Homeboy Industries, kumene anthu ochokera m'magulu odana amagwira ntchito limodzi, amalandira uphungu, ndipo amafufutidwa zizindikiro za gulu pakhungu kwaulere. Chimene ndikutolapo n'chakuti uphungu wopanda chochita ndi manja sukhalitsa.

Yambani ndi chiphaso cha unzika ngati mulibe, chifukwa popanda icho simungalembetse nambala ya foni kapena kutsegula akaunti. Kenaka sankhani luso limodzi limene lili ndi msika m'dera lanu, monga kuwotcherera, ukalipentala, umakaniko wa njinga zamoto, kumeta, kumanga kapena kukonza mafoni. Mukhoza kufunsa ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, kapena kumakoleji a ntchito zamanja a m'madera, koma njira yachidule kwa ambiri ndi kupempha mmisiri wa pafupi kuti muzimugwirira ntchito uku mukuphunzira. Amene akutuluka kundende afunsenso za malo a Prison Fellowship Malawi ku Balaka, kumene amaphunzitsa maluso kwa anthu amene akubwerera kwawo. Mukayamba kupeza kangachepe lowani banki m'khonde, chifukwa kupatula kusunga ndalama, mumakhala pagulu la anthu amene mlungu uliwonse amaona kuti mukusunga pangano.

Kumene mwapeza ntchito, muuzeni bwana mbiri yanu nokha asanaimve kwa ena. Ine ndinabisa pa ntchito yanga yoyamba, pagalaja ina, ndipo tsiku limene sipanala inasowa, wina ananong'oneza bwana za kale langa, ndipo ndinachotsedwa madzulo omwewo osapatsidwa malipiro a mwezi umenewo, ngakhale sipanalayo inapezeka pansi pa galimoto m'mawa mwake. Pa ntchito yachiwiri ndinanena zonse tsiku loyamba, ndipo mwini shopu anandipatsa makiyi patatha chaka. Dziwaninso kuti ndalama za mwezi wathunthu zikhoza kuchepa kuposa zimene munkapeza usiku umodzi, ndipo mtima udzawawa pa miyezi yoyamba. Muziuza munthu wamkulu uja mtima ukayamba kuwerengera motero.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: dikirani

Ku Homeboy Industries maphunziro a munthu amatenga miyezi 18, ndipo ine ndikuona kuti munthu asayambe kutsogolera ana pasanathe nthawi yonga imeneyo. Dziyeseni ndi mafunso awa moona mtima. Kodi mwakhalapo wopanda ndalama mlungu wathunthu osaganiza zoimbira anzanu akale? Kodi munthu anakutukwanipo pagulu inu n'kuchokapo osamugwira? Kodi alipo mayi m'dera lanu amene angakutumeni kumsika ndi ndalama zake? Ngati pa funso limodzi yankho ndi ayi, nthawi sinakwane.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: lowani pansi pa ena amene ali kale pa ntchitoyi

Musathamangire kuyambitsa bungwe lanulanu. Pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, mukadzidziwitse, ndipo mufunse za ogwira ntchito yoteteza ana a m'dera lanu. Ku Blantyre kuli Chisomo Children's Club, ndipo ku Lilongwe kuli Tikondane, amene akhala zaka zambiri akugwira ntchito ndi ana a m'misewu n'kumawabwezera kwa abale awo. A YONECO, omwe likulu lawo lili ku Zomba, amayendetsa nambala yaulere ya 116 yothandizira ana. Dziperekeni kugwira ntchito yaing'ono iliyonse, ngakhale yopopa mpira kapena kuperekeza mwana kwawo, ndipo muvomere kuyang'aniridwa.

Anthu onga inu ali ndi malo enieni pa ntchito imeneyi. Dokotala Gary Slutkin, amene anagwirapo ntchito yolimbana ndi miliri ya kolera, TB ndi Edzi m'maiko a mu Africa, atabwerera ku Chicago anaona kuti chiwawa chimafala ngati mliri, kuchoka kwa munthu wovulazidwa kupita kwa amene akamubwezere. Mu 2000 anayambitsa ntchito ya CeaseFire m'dera la West Garfield Park, imene pambuyo pake inatchedwa Cure Violence, ndipo analemba anthu amene kale anali m'magulu kuti azifika msanga pamene mkangano wabuka n'kuletsa kubwezera. Njira imeneyi inayesedwanso ku Hanover Park ku Cape Town. Mphamvu ya anthu oterowo ndi yakuti anyamata amawamvera chifukwa amadziwa kuti akunena zimene anazigwira ndi manja, komanso amadziwa kuti sakutola nkhani zokapereka kupolisi. Inunso mufotokoze poyera, kwa anyamata ndi kwa achitetezo cha m'dera, kuti si inu kazitape wa mbali iliyonse, koma kuti mukamva zoti moyo wa munthu uli pangozi kapena mwana akuchitidwa nkhanza simudzakhala chete.

Pali malamulo amene muyenera kudziikira nokha ngakhale palibe amene wakuuzani. Musakhale ndi mwana awiriwiri m'nyumba yotseka, musagoneke ana kwanu, atsikana muwalumikize ndi amayi ogwira ntchitoyi, ndipo musagawe ndalama m'manja mwa ana, chifukwa umo ndi mmene bigi uja anakukoperani inu. Musajambule nkhope zawo n'kumaika pa intaneti pofuna thandizo.

Gawo lachisanu ndi chitatu: yambani ndi ana ochepa

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18, choncho ana ofuna thandizo sadzatha, ndipo mukafuna kugwira onse simudzagwira ndi mmodzi yemwe. Sankhani atatu kapena anayi. Inu mumawadziwa kuposa mphunzitsi aliyense: mnyamata wa zaka 12 kapena 13 amene wayamba kujomba kusukulu, amene akutumidwa ndudu ndi anyamata akuluakulu pa vidiyo sho kapena padepoti, amene wapezeka ndi foni kapena nsapato zimene makolo ake sangagule, amene wapatsidwa dzina latsopano ndipo akulinyadira. Mwana wotumidwa kukaona ngati pakhomo pena pali galu kapena mlonda ndiye kuti walowa kale mwendo umodzi.

Pitani kaye kwa makolo kapena agogo ake mukapemphe chilolezo, ndipo mukalankhule modzichepetsa, chifukwa akudziwa mbiri yanu ndipo ali ndi chifukwa chokuoperani. Kenaka mupatseni mwanayo chochita pa maola amene gulu limamutenga, kuyambira akaweruka kusukulu mpaka mdima utagwa. Mpira umathandiza, koma mpira wokha sukwanira, chifukwa bigi nayenso amagulira ana mpira. Mutengeni kushopu kwanu agwire sandipepa kapena sipanala, muoneni makope ake, mukalankhule ndi ahedi kuti abwerere m'kalasi, ndipo mukalonjeza kuti mubwera Lachitatu nthawi ya 4 koloko, mufike ngakhale kukugwa mvula. Ana amenewa ananamizidwa ndi akuluakulu ambiri, ndipo miyezi yoyamba amangoyesa ngati inunso muli chimodzimodzi.

Samalani kwambiri ndi mmene mukufotokozera mbiri yanu. Tsiku lina ndinkauza anyamata anayi mmene tinalumphira mpanda apolisi akutithamangitsa, ndipo nditakweza maso ndinaona onse atatsamira kutsogolo, maso akuwala, mmodzi akufunsa kuti, "Ndiye achimwene, munaphula zingati tsiku limenelo?" Ndinazindikira kuti ndikulembera gulu anthu atsopano ndi pakamwa panga. Kuyambira pamenepo sindinena za ndalama, za kuthawa kapena za mmene loko amathyolera. Ndimanena za kugona chokhala m'selo yodzaza, miyendo itapindidwa usiku wonse, za mphere, za mgaiwa ndi nandolo kamodzi patsiku, za mayi anga akuyenda wapansi ndi kontena ya chakudya chifukwa analibe ya minibasi, ndi zoti pa anzanga onse amene tinkalumbira kuti ndife abale panalibe amene anabwera kudzandiona.

Mkangano ukabuka, mwachitsanzo mnyamata wa dera lina akamenyedwa ndi a dera linzake, usiku woyamba ndi umene uli woopsa. Pitani kwa wovulalayo ndi abale ake, muperekezeni kuchipatala, khalani ndi anzake amene akusonkhanitsa zikwanje, apatseni mpata wolankhula mkwiyo wawo, ndipo pemphani chinthu chaching'ono chokha, chakuti adikire mpaka kuche kuti akulu akambirane. Musapite nokha, ndipo musanyamule chida chilichonse.

Gawo lachisanu ndi chinayi: mwana akamangidwa kapena akabwerera ku gulu

Zimenezi zidzachitika, ndipo zikachitika musamutaye. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana la 2010 limafuna kuti mwana womangidwa asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu, makolo ake adziwitsidwe, ndipo nkhani yake ipite kukhoti la ana. Pa milandu yaing'ono lamuloli limalola kuti mwana asazengedwe mlandu, koma apatsidwe njira ina monga kupepesa, kubweza chimene anawononga kapena kulandira uphungu, ndipo pa milandu yaikulu akhoza kutumizidwa kumalo osinthira khalidwe a Mpemba ku Blantyre kapena Chilwa ku Zomba.

Mukangomva kuti wamangidwa, tengani kholo lake ndi umboni wa zaka zake, kaya ndi kalata ya kubadwa, buku la kusikelo, kadi ya ubatizo kapena kalata ya kusukulu, chifukwa anyamata athupi lalikulu amalembedwa zaka 18 mosavuta ndipo akatero amapita kundende ya akuluakulu. Dziwitsani ofesi yoona za chisamaliro cha anthu tsiku lomwelo, nyamulani chakudya ndi chofunda, ndipo lembani dzina la wapolisi amene akuyendetsa nkhaniyo pamodzi ndi ola limene mwanayo anamangidwa, kuti maola 48 aja muwawerenge bwino. Mukamuona musayambe ndi kumukalipira, koma mufunseni ngati wamenyedwa ndiponso ngati wadya, ndipo mumuuze tsiku limene mudzabwerenso.